Bokosi la zophunzitsira ana za chikhulupiriro: kabuku sungani, timabotolo tayani

Aphunzitsi anzanga a Sande sukulu, bokosi lobiriwira lija likugulitsidwa pa shopu ina ya mabuku achikhristu m'tauni muno mu Blantyre, la K38,000 lija lokhala ndi kabuku ka maphunziro 24 ndi zipangizo zake, musapite nalo m'kalasi musanaliyese kunyumba. Ndikulemba mtima ukuwawabe chifukwa cha phunziro la nambala 7.

Phunziroli ambiri mumalidziwa kale. Pamakhala matambula atatu. Yoyamba ya madzi oyera ndiye munthu, yachiwiri ya madzi akuda ndiye tchimo, yachitatu ya madzi osakaniza ndi Jik ndiye Yesu. Mukathira tchimo mwa munthu madzi amada, mukathiramo a m'tambula yachitatu amayeranso, vesi yake ndi 1 Yohane 1:7. Kabuku kakunena kuti madzi akudawo ndi ayodini, mankhwala ofiirira aja opaka pabala. M'bokosimo muli timabotolo titatu tapulasitiki toonekera mkati, ta 100 ml, topanda dzina kapena chizindikiro chilichonse. Kamodzi ndi kofiirira, tiwiri ndi toyera ngati madzi akumwa, ndipo kuti musiyanitse muyenera kununkhiza.

Lamulungu lapitali, pamaso pa ana pafupifupi 60 a zaka 6 mpaka 10 ku Ndirande, madzi aja anada bwinobwino. Ana anawerenga limodzi mokweza, wani, thu, firii, madzi a "Yesu" n'kuthiridwa. Sanayere. Tinavundula ndi supuni, tinadikira, tinakhuthuliramo botolo lonse, madzi anangokhala ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Kalasi yonse inangoti zii. Kamtsikana kena ka pabenchi yakutsogolo kanakweza dzanja n'kufunsa mwaulemu: "Aphunzitsi, ndiye kuti machimo ena Yesu amawalephera?" Panalibe mwana amene anaseka. Onse anayang'ana tambula ija kudikira yankho. Mphindi 20 zotsalazo zinathera pofotokoza kuti cholephera ndi mankhwala osati Ambuye, koma aliyense amene anaphunzitsapo ana akudziwa kuti mwana wa zaka 7 amapita kwawo ndi chimene waona ndi maso, mawu a mphunzitsi amatsalira m'kalasi momwemo. Ndi chifukwa chake timagwiritsa ntchito zinthu zooneka pophunzitsa, ndiye chinthucho chikaphunzitsa bodza, bodzalo limakhazikika chimodzimodzi.

Zolakwika zilipo ziwiri, ndipo zonse mutha kuziyesa nokha kukhitchini. Choyamba, madzi ofiirira aja si ayodini, ndi utoto uja amathira m'mafirizesi. Donthezerani pang'ono pa kachidutswa ka nsima yozizira kapena ka buledi. Ayodini weniweni akagwa pa chakudya cha ufa amasanduka wabuluu wakuda nthawi yomweyo, pamene utoto umangokhala mtundu wake womwewo. Wa m'bokosi lino sanasinthe. Kusiyana kwake n'kofunika chifukwa Jik amayeretsa ayodini m'masekondi ochepa chabe, koma utoto wa zakudya umatenga nthawi, ndipo wina umasiyabe mtundu wachikasu. Chachiwiri, Jik wakeyo ndi wakutha mphamvu. Mankhwala amenewa amafooka akakhala potentha ndi powala, n'chifukwa chake amagulitsidwa m'mabotolo osaonekera mkati. Eni bokosi anawathira m'timabotolo toonekera, ndipo a shopu anasanja mabokosiwo pawindo loyang'ana dzuwa, kutentha kwa Okutobala konseku. Donthezerani pa kansanza ka chitenje chakutha. Wamphamvu amasiya banga loyezuka posachedwa, wa m'bokosi lino anangonyowetsa nsalu.

Chimene chandikwiyitsa kwambiri si manyazi a m'kalasi ayi. Kabotolo koyera kachiwiri kaja ndi viniga wa phunziro la nambala 12, lija lofufumitsa chibaluni ndi soda. Viniga akasakanizana ndi Jik amatulutsa mpweya wa klorini, woyabwa m'maso ndi wobanikitsa pachifuwa. Timabotolo tiwiri tofanana, togona pamodzi m'bokosi limodzi, topanda dzina, topita m'chipinda chodzaza ana, ena mwa iwo a mphumu, ndipo m'kabuku monse mulibe chenjezo ngakhale limodzi. Mwana waludzu akaona kabotolo ka madzi oyera patebulo safunsa munthu.

Lolemba bokosilo linabwerera ku shopu pamodzi ndi risiti yake. Achimwene a pa kauntala sanadzutse n'komwe maso pafoni, anangoloza pepala la pakhoma lonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Atapemphedwa kuti aitane akuluakulu, panabwera mayi ena amene anamvetsera theka la nkhaniyo n'kunena kuti, "Mwina simunapemphere musanayambe, mayi." Mawu amenewo, kuchokera kwa munthu wogulitsa Mabaibulo, ndi chiphunzitso chomwecho chimene timayesetsa kuchotsa m'mitu ya ana, choti chinthu chikalephereka ndiye kuti chikhulupiriro chako chinaperewera. Pempho silinali la ndalama. Linali loti alembe mayina pa timabotolo ta m'mabokosi otsalawo ndipo awachotse padzuwa, ntchito ya cholembera chimodzi ndi mphindi zisanu. Anayankha kuti auza amene amawabweretsera katunduyo.

Ofuna kuphunzitsabe phunziroli, tayani zonse za m'timabotolomo padera padera, musazisakanize potaya, ndipo gulani zanu. Tengani matambula agalasi atatu. Yoyamba thiranimo madzi 150 ml. Yachiwiri madzi 100 ml ndi madontho 15 a ayodini wa ku famase, uja wopaka pabala. Yachitatu madzi 100 ml ndi masupuni akuluakulu awiri a Jik wa m'botolo longotsegula kumene. Akatero madzi amayera musanamalize n'komwe kuvundula. Thiraninso tchimo lotsalalo m'tambula ya Yesu, ana adzaona kuti iyo sikuda, ndipo pamenepo ndiye pali phunziro lenileni. Ogwira matambula akhale aphunzitsi okha, tebulo likhale mamita awiri kuchokera pabenchi yoyamba, mazenera otsegula. Auzeni anawo momveka kuti madzi oyerawo si akumwa, ndipo akatayidwe kuchimbudzi kalasi isanatuluke.

Koma ndisanamizire, mkwiyo utatsika ndinawerenga kabukuko konse, ndipo amene anakalemba amawadziwa ana. Phunziro lililonse lili patsamba limodzi: chinthu chofunika, vesi, mafunso atatu, ndiye m'munsi kandime kofotokoza pamene fanizolo lathera. Kandime kameneka sindikapeza kawirikawiri m'mabuku otere, ndipo ndi kamene kapulumutsa bokosi lonseli.

Taonani phunziro la mpiru, la pa Mateyu 17:20. Mwana wa ku Chilomoni kapena ku Bangwe mpiru amaudziwa ngati ndiwo za mpukutu umodzi pamsika, ndiye ukamuwerengera Mateyu 13:32 kuti umakula n'kukhala mtengo woti mbalame n'kuteramo, amakuyang'ana mokayikira. Kabuku kakufotokoza kuti mpiru wa ku Palestine ukasiyidwa umatalika kuposa munthu wamkulu, ndipo kakulangiza kuti mwana aliyense apatsidwe kanjere kamodzi padzanja n'kufunsidwa ngati akutha kuona masamba mkati mwake. Njere za m'bokosi n'zabwino, zinamera pafupifupi zonse. Dulani botolo lapulasitiki pakati, boolani mabowo anayi pansi ndi msomali wotentha, thiranimo dothi losakaniza ndi manyowa pang'ono, ndipo njere isalowe kupitirira theka la sentimita. Zimatuluka pakatha masiku anayi mpaka asanu ndi limodzi, kotero Lamulungu lotsatira pamakhala kale choonetsa. Zikakana kumera, kawirikawiri ndiye kuti zinakwiriridwa mwakuya kapena botolo linalibe mabowo ndipo njere zinaola. Bzalani mabotolo ena asanu apadera, chifukwa mwana amene kake sikanamere amalira, ndipo kandime kam'munsi kakukumbutsa kuti mumuuze kuti kumera kwa njere si muyeso wa chikhulupiriro chake.

Phunziro la chibaluni ndi kandulo, la anyamata atatu m'ng'anjo ya moto pa Danieli 3, ndilo labwino koposa. Chibaluni cha mpweya wokha chimaphulika chikangokhudza lawi, cha madzi mkati sichiphulika chifukwa madzi amayamwa kutenthako labala asanapse. Kabuku kakungoti "madzi pang'ono", zomwe sizithandiza. Thiranimo theka la kapu, pafupifupi 100 ml, fufumitsani pang'ono chabe, ndipo lawi likhudze pansi penipeni pomwe pali madzi, kwa masekondi osapitirira khumi. Lawi likangopita m'mbali pomwe pali mpweya chimaphulika, choncho beseni likhale pansi pake. Mwaye wakuda umene umatsala pachibaluniwo musaupukute, aonetseni ana kuti moto unafikadi. Chimene chandisangalatsa n'chakuti wolembayo sanathere pa chozizwitsa. Watengera ana ku vesi 18, pomwe Sadrake, Mesake ndi Abedinego akunena kuti ngakhale Mulungu atapanda kuwapulumutsa sadzagwadira fano. M'makalasi ambiri muno mu Blantyre muli ana amene anataya makolo kapena nyumba pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, ku Chilobwe, ku Soche ndi madera ena. Kuwauza kuti wokhulupirira sapsa n'kuwapweteka kawiri, ndipo kabukuka kapewa zimenezo. Zibaluni za m'bokosi zokha ndiye zinamatana ndi kutentha, zinayi mwa khumi zinang'ambika pofufumitsa, gulani zina pagolosale.

Pa dzira loyandama, la Petro poyenda panyanja pa Mateyu 14, muyeso wa mchere ndi wolakwika. Supuni imodzi imene yalembedwa siikwana. Pa tambula ya 250 ml pafunika masupuni akuluakulu atatu, ovundulidwa mpaka mchere wonse usungunuke, ndipo dzira likhale latsopano chifukwa lokhalitsa limayandama ngakhale m'madzi wamba, fanizo n'kuonongeka. Pa tambula yozondotsa, makapu apulasitiki ofewa a m'bokosi ndi osathandiza, dzanja likangofinya pang'ono madzi amakankha kakatoni n'kukhuthuka. Tengani tambula yagalasi yosabenthuka pamlomo, dzazani mpaka pakamwa, vundikirani ndi kakatoni kosalala, gwirizani ndi chikhatho potembenuza, kenako chotsani dzanja pang'onopang'ono. Chogwira kakatoniko ndi mpweya wakunja umene sitiuona, ndipo n'chifukwa chake phunziroli likugwirizana bwino ndi Ahebri 11:1. Kakatoni kamodzi kamagwira kawiri kokha kasanalowe madzi, dulirani timakatoni tinayi pasadakhale. Maphunziro a mphepo pa Yohane 3:8 ndi a chingwe cha nkhosi zitatu pa Mlaliki 4:12 safuna chilichonse chogula ndipo salephereka, oyamba kumene kuphunzitsa ayambire pamenepo.

Mavesi oloweza ndi osakanikirana, ena achokera mu Buku Lopatulika ena mu Buku Loyera, osalemba kuti ili lachokera kuti. Mwana amaloweza mawu ena, akafika kunyumba Baibulo la amayi ake likunena mosiyana. Lembaninso mavesiwo kuchokera m'Baibulo limene mpingo wanu umawerenga. Patsamba la mpiru palembedwanso Mateyu 7:20 m'malo mwa 17:20, konzani ndi cholembera.

Poweruza bokosili ndi nyenyezi, ndinayamba ndi imodzi m'mutu, koma ndikupereka zitatu, ndipo zitatu zonsezo n'za wolemba kabuku. Makandulo, chingwe, mchere, soda ndi zibaluni mukhoza kuzipeza mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande pa mtengo wochepa kwambiri, ndiye ndalama zonsezo mukulipira kabuku kokha, kamene a shopu akukana kugulitsa pakokha. Mipingo yoyandikana ikhoza kusonkherana n'kugula bokosi limodzi, kabuku n'kumabwerekana. Pogula tsegulani bokosi pa kauntala pomwepo ngakhale achimwene aja anyinyirike, werengani zipangizo, ndipo timabotolo titatu tija tichotsedwe bokosi lisanafike pomwe pali ana. Loweruka ndinadutsanso pa shopupo. Mabokosi asanu aja adakali pawindo lomwe lija padzuwa, timabotolo take tilibe dzina.