Tidasaka mowa wa craft ku Mulanje, tidakathera pa masese

Ndinene poyambirira kuti wina asawononge mafuta: ngati mukubwera ku Mulanje mukuyembekezera mowa wa craft wam'botolo ngati wa ku Cape Town, bwerani nawo wanu m'chikwama. Ife tidauyendera mokwanira osaupeza. Koma tidapeza zina, ndipo n'zimene ndikufuna kukambapo.

Mwini nkhani ndi alamu anga, amuna a mchemwali wanga, omwe amagwira ntchito ku Cape Town ndipo adabwera kudzaona apongozi. Kumeneko adazolowera mowa wa craft, kutanthauza wofululidwa m'timafakitale ting'onoting'ono, migolo yowerengeka pa nthawi, makamaka wotchedwa IPA, wothira hops (maluwa owawitsa mowa) wambiri mpaka kuwawa kumatsalira kukhosi. Akuti mowa uzidziwika kuti wafulula ndi uje. Nsima itangotsika, adayamba kundikodola.

Mabala a pa Chitakale ndi pa boma ali ndi zomwe tonse tikuzidziwa: Green, Special Brew, Kuche Kuche. Palibe cholakwika pamenepo. Fakitale ya Carlsberg ku Blantyre idatsegulidwa mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo kuyambira 2016 ili m'manja mwa Castel. Green wozizira bwino utatsika m'phiri ku Likhubula alibe mnzake. Kungoti alamu sankafuna zimenezo. Pa loji ina, mnyamata wa pa bala atamva funso lawo adati, "Bwana, mukunena Malawi Gin?" Sindimuimba mlandu. Balere ndi hops n'zoitanitsa kunja, ndiye ndani angayambe bizinesi yotere kuno kwa anthu otchola tiyi?

Ku Limbuli, kufupi ndi chipata cha Muloza, zinthu zidasinthako pang'ono chifukwa mowa wa ku Mozambique umaoloka: 2M, Manica, ndi Laurentina Preta. Laurentina Preta, wakuda uja, alamu adaukonda, akuti ukumveka ngati khofi wokazinga ndi kutsekemera pang'ono. Nanenso ndikuvomereza, ngakhale botolo lachiwiri limalemera m'mimba. Komabe nawo ndi wa fakitale yaikulu.

Amene adatitsegula maso ndi amalume. Atamva kudandaula kwathu adaseka mpaka kutsokomola. "Inu alamu ake a mwanayu, mukufuna mowa wodziwika woufulula? Mawa m'mawa mundiperekeze." Adatitengera m'kanjira kodutsa m'mphepete mwa minda ya tiyi, kukafika pakhomo pa mayi wina wachikulire amene amafulula masese, ndipo anthu amachoka midzi yakutali kuwatsatira. Dzina sinditchula, mukafunsa akabaza pa Chitakale za masese abwino, akulozerani okha.

Mayiwa sabisa ntchito yawo. Chimera amapanga okha: amaviika chimanga ndi mawere, kuvundikira mpaka zitamera, kuyanika padzuwa, kenako kuchigayo. Phala la mgaiwa amaphika mu mgolo wachitsulo, likazizirako n'kuthira chimera. Pamenepo akadali thobwa, ana amamwa. Mawa lake amawiritsanso, kuthiranso chimera, n'kuusiya uwire wokha masiku angapo asanausefe. Shuga sathira, ndipo adanena motsindika: "Wa shuga uja ndi wa anthu ofulumira, bambo. Umadwalitsa mutu." Yisiti wa m'paketi nayenso ayi. Alamu adafunsa chomwe chimawiritsa mowawo, mayi adangoloza mgolo wakale wakuda bii uja, amvekere, "Umadziwa ntchito yake umenewu."

Adatunga ndi chikho, kuyamba kumwa okha kaye monga mwa mwambo, kenako kupereka kwa amalume. Utafika kwa ine ndidauyang'anitsitsa. Mtundu wake wotuwa mofiirira chifukwa cha mawere, pamwamba timathovu tikuphulika tokha, mowa ukupuma. Fungo la utsi wa nkhuni limayamba kukufika usanamwe. Pakamwa umayamba ndi kutsekemera kwa chimera, kenako kuwawasa koyera kosaluma, ndipo timisere tochepa timatsalira palilime. Ndi wolemera moti chikho chimodzi chimakhala ngati wadya phala lam'mawa. Mphamvu yake si yoopsa, koma imabwera mozemba, umaizindikira poimirira.

Alamu adakhala chete kanthawi, kenako adayamba kufotokoza kuti ku Cape Town kuli mowa wowawasa dala umene anthu amalipira ndalama zambiri, komanso kuti umqombothi wa Axhosa ndi wachibale wa masese. Amalume adawadula: "Imwani, alamu, mukuchedwetsa chikho."

Kamba wake anali kalongonda, zenizeni za Alhomwe, wowiritsa tsiku lonse ndi kutaya madzi kangapo, poti akapanda kupsa bwino amaledzeretsa kuposa mowawo. Wothira mchere ndi tsabola, amayenderana ndi kuwawasa kwa masese kuposa kanyenya.

Zodandaula zilipo. Pokhalira ndi mabenchi awiri pansi pa mtengo wa mango, anthu akachuluka ena amakhala pa njerwa. Ntchentche zimadziwanso kuti mowa wapsa. Chikho n'choyenda pakamwa ndi pakamwa, choncho amene zimenezi zimamuvuta atenge kapu yake, mayi sakhumudwa. Chimbudzi chikufunika chitseko chenicheni, osati chiguduli. Vuto lalikulu n'lakuti mowawu suima: umapitiriza kuwira, ndiye wam'mawa ndi wamadzulo ndi mowa uwiri wosiyana. Tidagula wina m'chigubu kuti achemwali alaweko, pofika madzulo chigubu chidatupa, mowa utasasa moti adangolawa n'kukwinya nkhope. Alamu adafunsa ngati pali njira yoti apite nawo pandege, mayi adaseka mpaka kugwira m'chiuno.

Mtengo ndiye wosadandaulitsa. Ndalama yogulira Green awiri pa loji ija idakwanira anthu atatu, ndi kalongonda yemwe.

Sikuti mayiwa amafulula tsiku lililonse, ndiye funsiranitu tsiku lomwe mowa ukupsa, ndipo mufike dzuwa lisanakwere. Nyengo yamvula galimoto isiyeni kumsewu wa tala, dothi lofiira la kumeneko limaterera moipa, komanso pobwerera mudzafuna woyendetsa amene wamwa thobwa lokha.