Wogula apezeke mbewu isanalowe m'nthaka

Abale anga a ku Thyolo ndi ku Mulanje, kuno ku Cape Town anthu akupeza ndalama pa timinda toti kwathu sitingatiwerengere n'komwe. Ku Khayelitsha ndi ku Nyanga dothi ndi mchenga wokhawokha, koma amayi amalima sipinachi, kabichi ndi anyezi kuseri kwa masukulu. Mu 2008 bungwe la Abalimi Bezekhaya linayambitsa malonda otchedwa Harvest of Hope: ogula ankalembetsa pasadakhale n'kumalandira bokosi la ndiwo zamasamba sabata iliyonse. Mlimi ankafesa akudziwa kale kokagulitsa.

Apa m'pamene ife timagwera. Tonse timawokera matimati mwezi umodzi, tonse n'kukakumana pa Bvumbwe mbandakucha, ndiye mtengo amatchula ndi venda wa ku Limbe poti akudziwa kuti dengu silibwerera kunyumba. Zimandiwawa, chifukwa madzi ndi dothi tili nazo zabwino kuposa kuno.

Gwirizanani alimi atatu kapena anayi. Pezani makomo 15 a aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'maesiteti a tiyi pa Luchenza kapena pa Chitakale, mupangane tsiku limodzi pa sabata. Oda ibwere pa WhatsApp, ndalama zilowe pa Mpamba kapena Airtel Money katundu asananyamuke. Ngongole ya "ndikupatsani pakutha pa mwezi" ndi imene imapha malonda otere.

Nazale musafese kamodzi. Fesani pang'ono masabata awiri alionse, ndipo mbande za mpiru, repu ndi chainizi muwokere zikatha masabata atatu kapena anayi, pa mabedi a mita imodzi m'lifupi kuti pothirira musapondemo. Ikafika Okutobala mpiru umathamangira kuchita maluwa chifukwa cha kutentha, choncho m'malo mwake ikani bonongwe ndi nkhwani. Wogula mukamudumphitsa sabata ziwiri amabwerera kumsika.

Wopanda dimba alime m'matumba a makilogalamu 50: magawo awiri dothi, gawo limodzi manyowa owolerana, pakati muike mzati wa timiyala wotsitsa madzi, mbande mubzale m'mabowo a m'mbali. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu.

Thyolani dzuwa lisanatuluke, mangani mipukutu yofanana, fundikani ndi chiguduli chonyowa wakabaza asananyamule. Mukapopera mankhwala, dikirani masiku olembedwa pa botolo musanathyole, ngakhale oda itachuluka bwanji.