Ndemanga: sikelo, silinda ndi themometa zophunzitsira Chemistry ya Fomu 1

Ndimaphunzitsa pa CDSS ina kuno ku Dedza, ndipo zipangizo zitatuzi ndinazigula m'bokosi limodzi ku Lilongwe. Tazigwiritsa ntchito pa mutu wa miyeso, ndiye ndati ndiwatsineko khutu aphunzitsi anzanga.

Sikeloyo ndi imene yandigwira mtima. Ndi ya mabatire, imafika magalamu 200 ndipo imawerenga mpaka 0.01 g. Ukaikapo kapu n'kudina batani la tare, manambala amabwerera pa ziro. Ana anathira madzi okwana mamililita 50, sikelo n'kuonetsa pafupifupi magalamu 50. Atagawa kulemerako ndi kuchuluka kwa madzi, anapeza okha density ya madzi, 1 g/cm³, imene kale ankangoiloweza pamtima. Koma sikeloyi imadana ndi mphepo. Mazenera akakhala otsekula, manambala omalizira sakhazikika, ndipo mphepo ya kuno mukuidziwa. Tebulonso lisakhale lopendekeka. Chandidandaulitsa n'chakuti sanaikemo kachitsulo koyesera ngati sikeloyo ikunenabe zoona.

Silinda yoyezera kuchuluka kwa madzi ndiye ayi ndithu. Ndi ya pulasitiki ndipo mizere yake yayamba kale kufufutika. Vuto lalikulu ndi lakuti madzi sapindika bwino pamwamba ngati mmene amachitira mu silinda ya galasi, choncho kupindika kotchedwa meniscus sikuoneka. Mwana aphunzira bwanji kuwerama kuti diso lilingane ndi madzi, n'kuwerenga pansi pa kupindikako? Pa mayeso a practical a MSCE akapatsidwa ya galasi, adzasokonezeka.

Themometa inatsala pang'ono kuimbidwa mlandu wabodza. Madzi atawira inaima pafupi ndi 95 °C, ana n'kunena kuti ndi yowonongeka poti buku likuti 100 °C. Ili bwinobwino. 100 ija ndi ya malo otsika ofanana ndi nyanja yamchere, pomwe tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Kuno mpweya sukanikiza kwambiri, n'chifukwa chake madzi amawira asanafike pa 100. Tsiku limenelo ana anafunsa mafunso mpaka belu kulira.

Ngati sukulu yanu ilibe labotale, bokosili ligulenitu, makamaka chifukwa cha sikelo. Kungoti muwonjezere ndalama ya silinda ya galasi ndi mabatire apadera, chifukwa amene amabwera ndi sikeloyo sachedwa kutha.