Mzungu wa kolona uja ndamupeza ku Liverpool

Amalume, amayi aang'ono ndi nonse a ku Mulanje, ntchito munandituma ija ndaigwira. Yanditengera miyezi isanu ndi itatu chifukwa ndimaichita pa masiku opuma okha, ndikaweruka kosamalira okalamba kuno ku Preston. Mzungu amene anabereka agogo aakazi ndamupeza, koma zina mwa zomwe ndapezazi sizikoma kukhutu.

Mukudziwa zomwe tinali nazo: dzina lopotozedwa ndi malilime a kumudzi, kolona wakuda amene agogo ankasunga m'chitini, ndi mawu akuti bamboyo ankagwira ntchito pa esiteti ya tiyi, ankapita ku Misa, ndipo anachoka mwana asanayambe kuyenda. Kolonayo ine ndinkamuyesa chikumbutso chabe, osadziwa kuti ndiye adzandilozere njira. Azungu ambiri a m'boma ndi m'maesiteti a Nyasaland sanali Akatolika, ndipo kuno ku England Akatolika anachulukana kwambiri m'chigawo cha Lancashire ndi mumzinda wa Liverpool, kumene anthu a ku Ireland anathawira njala ya 1845 mpaka 1852. Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikugona pakhomo pa nkhani yathu.

Ndinayambira mu laibulale, pamene kompyuta zake zimatsegula mwaulere Ancestry, tsamba la pa intaneti lofufuzira mbiri ya makolo. Boma la Britain linasunga maina a anthu okwera sitima zapamadzi zopita kutali kuyambira 1890 mpaka 1960, ndipo mabuku ake ali ku National Archives, nyumba yosungira zikalata zakale za boma, ku Kew mu London. Dzina lija ndinalitembenuza kangapo, kuchotsa chilembo apa, kuwonjezera apo, mpaka anatuluka amuna atatu. Mmodzi yekha ndiye ankatsikira ku Beira, ndipo pa malo ofunsa dziko lokakhala analembapo Nyasaland. Mwayi wake, kuyambira 1922 ankalembanso adiresi ya munthu, ndipo yake inali ya ku Liverpool. Taganizani ulendowo: kuchoka ku Beira pa sitima ya pamtunda, kufika pa Zambezi n'kuwoloka pa boti, poti mlatho wa Dona Ana unadzatsegulidwa mu 1935.

Adiresiyo inandifikitsa pa kalembera wa 1921. Uyu ndi wamtengo wapatali, chifukwa wa 1931 anapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 sanawerenge anthu kaamba ka nkhondo. Ndinamupeza ali kalaliki wa kudoko. Pambali pa dzina lake panalembedwa kuti ndi wokwatira. Ndinangoti ndaphonya, uyu ndi wina, n'kutseka kompyuta.

Chimene chinathetsa makani ndi buku la ubatizo. Mabuku akale a maparishi a mumzindawo amasungidwa ku Liverpool Record Office, m'nyumba ya laibulale yaikulu pa William Brown Street. Apa ndinataya Maloweruka awiri pachabe, chifukwa ansembe ankalemba m'Chilatini: James amasanduka Jacobus, William n'kukhala Gulielmus, John ndi Joannes. Ine ndinali kalikiliki kufuna dzina la Chingerezi lomwe mulibemo. Anandithandiza ndi gogo wina wachizungu wokhala pampando woyandikana nane, amene wakhala akufufuza a kwawo zaka zambirimbiri. Iyeyo ndiye anandiuzanso kuti ndisathamangire pa dzina la mwana lokha, ndiyang'ane ndi m'mphepete mwa tsamba.

M'mphepetemo munali mizere iwiri ya inki yosiyana. Kuyambira 1908, lamulo la Mpingo lotchedwa Ne Temere linkati Mkatolika akamanga ukwati, uthenga upite ku parishi imene anabatizidwira, ukalembedwe pafupi ndi ubatizo wake. Ndiye pamenepo panali tsiku, tchalitchi, ndi dzina la mkazi, lomwe lija la m'kalembera. Amalume, munthuyu pofika kwathu n'kuti ali kale ndi mkazi wa ukwati woyera.

Ndinakhala phee nthawi yaitali. Tonse tinakula tikumva kuti anaitanidwa kwawo mwadzidzidzi ndipo ankafuna kubwerera. Mwina ankafunadi. Koma tsopano ndikumvetsa chifukwa chake sanapite ndi mayi a agogo kwa bambo mfumu, ngakhale sankajomba ku Misa. Anasiya kolona, dzina lake osalisiya pa pepala lililonse la mwana. Ine sindimupembedza ayi, ndipo chithunzi chake nditachipeza sindikudziwa ngati ndingachipachike pakhoma. Komabe nditapita pa msewu umene anabadwira, kufupi ndi Scotland Road, kumene kunkakhala amphawi ochokera ku Ireland, mtima unatsikako pang'ono. Kwathu ankamuvulira chipewa, kwawo anali mwana wa munthu wonyamula katundu padoko.

Bambo ake anabadwira ku Ireland, ndipo ndaimira pomwepo. Mabuku a maparishi a kumeneko National Library of Ireland inawaika pa intaneti mwaulere mu 2015, koma pamafunika kudziwa parishi yake, pamene kalembera angoti Ireland basi. Kuli ngati kufuna munthu ndi mawu oti kwawo ndi ku Malawi.

Zikuoneka kuti mkazi wa ku Liverpool uja anali ndi ana, ndiye kuti abale athu alipo kuno. Sindinalembere aliyense. Nkhani yotere siyoyamba mwana, ndikudikira mawu anu amalume monga mwinimbumba, ndipo mukati tisiye ndisiya.

Chondiwawa n'chakuti mzunguyu ndamupeza m'mabuku anayi, pamene mayi amene anasenza mimba, kulera mwana woyera khungu pakati pa manong'onong'o a m'mudzi, sali pa tsamba ngakhale limodzi kuno. Ife mtundu timatengera kwa iwowo. Choncho mlongo wanga, Lamulungu likudzali ukatuluka mu Misa ukaonane ndi akatekisiti, upemphe kuona buku la ubatizo wa agogo, ujambule tsamba lonse pamodzi ndi m'mphepete mwake. Ukatero upite kwa amayi aakulu ndi foni yodzaza moto, uwatengere shuga ndi buledi, uwafunse dzina lenileni la agogo awo aakazi, mfunda wawo ndi mudzi umene anachokera. Usawadule pakamwa akayamba kuzungulira. Ya mayunitsi ndatumiza kale.