Ndemanga pa chitsanzo cha pulasitiki chophunzitsira DNA

Chitsanzo cha DNA chomwe chikugulitsidwa m'sitolo ina ya mabuku mumzinda wa Mzuzu ndachipeza chothandiza kwambiri pophunzitsa biology. Ubwino wake waukulu ndi woti zingwe zake ziwiri zimalekanitsika, ndipo wophunzira amadzionera yekha kuti RNA polymerase, enzyme yomwe imakopera uthenga wa mu DNA n'kupanga RNA, imawerenga chingwe chimodzi chokha, chotchedwa template, kuchokera ku nsonga yake yotchedwa 3' kupita ku nsonga yotchedwa 5', pamene mRNA, chingwe chatsopano chonyamula uthengawo, ikukula kuchokera ku 5' kupita ku 3'. Tizidutswa ta uracil, yemwe pamodzi ndi adenine ndi thymine ali m'gulu la timagawo tomwe timalemba uthenga pa zingwezi, tili ndi mtundu wakewake, choncho n'kosavuta kuonetsa kuti adenine wa pa template amagwirana ndi uracil, osati thymine. Chondidandaulitsa n'chakuti palibe kachidutswa koimira promoter, pomwe RNA polymerase imayamba kugwira, ndipo mphunzitsi ayenera kujambula mbali imeneyi pabolodi.