Kolala ya khosi ya pa Kamuzu Road

Kolala yasiponji ija amagulitsa m'mafamase pa Kamuzu Road ku Salima ndaiyesa ine, minibasi yathu itagundidwa kumbuyo pa M5 mutu n'kupita kumbuyo n'kubwerera kutsogolo mwadzidzidzi. Tsiku limenelo ndinali bhobho, kutacha khosi gwa, kucheuka osatheka, mutu kuwawa kunkhongo. Pa kabaza imathandiza ndithu, mabampu samafika m'khosi kwambiri. Koma ndi kutentha kwa ku Salima kuno aaa thukuta lokhalokha mpaka imayamba kununkha, komanso kachomatira kake kamakoka tsitsi. A fizio, achipatala othandiza za minofu ndi mafupa, anandiuza kuti ndisamaivale tsiku lonse, ikakhalitsa imafooketsa minofu, bola kumatembenuza khosi pang'onopang'ono. Manja akamachita dzanzi musadalire kolala, thamangani kuchipatala akakuoneni.