Simenti ya m'dziko kapena yochokera kunja pa ntchito za boma

Amalawi ambiri amene timagwira ntchito ya zomangamanga kuno ku Johannesburg tikukumbukira kuti mu 2021 boma la South Africa linalamula kuti zomangamanga za boma zizigwiritsa ntchito simenti yopangidwa m'dziko muno.

Simenti yochokera kunja, monga ya ku Vietnam imene imatsitsidwa padoko la Durban, imakopa makontirakitala chifukwa kawirikawiri imakhala yotsikirapo mtengo, koma ndalama ya msonkho ikagula thumba limenelo imapita osabwereranso. Thumba la PPC kapena AfriSam, makampani opanga simenti m'dziko muno, likatsika mulole, ngakhale litakwererapo mtengo, limakhala litadyetsa wokumba miyala ya laimu, woyang'anira ng'anjo ndiponso dalaivala, ndipo ine ndikuona kuti kusiyana kwa mtengoko n'koyenera kukupirira.

Kwathu nkhaniyi ndi yaikulu koposa, popeza ndalama zakunja n'zosowa pamene kampani ya Shayona ikupanga simenti ku Kasungu. Chimene ndimaopa n'chakuti makampani otetezedwa ndi lamulo lotere angayambe kukweza mitengo mwadala, choncho bungwe la Malawi Bureau of Standards liziyeza ubwino wa katunduyo, ndipo boma lizilola wakunja pokhapokha wathu akaperewera.